Mwala Wolira M'botolo

Lolemba m'mawa mwala unapezeka utalira.

Woyamba kuona misoziyo anali Namacheka. Limeneli silinali dzina lake la kwa makolo; anzake a ku labotale ndiwo anamutcha choncho chifukwa ntchito yake inali yocheka miyala. Ankacheka kachidutswa, n'kukamata pagalasi, n'kumakapala pang'onopang'ono mpaka kapyapyale kuposa phiko la chiwala, moti kuwala n'kumadutsa. Kagalasi kotero kakaikidwa pa maikulosikopu, mwala umaulula zonse zili m'mimba mwake. Miyala yambiri imene inkadutsa m'manja mwake inali ya kumigodi ndi ya omanga misewu. Uwu wokha unali mlendo. Unagwa kuchokera kumwamba masabata atatu m'mbuyomo, dzuwa likuswa mtengo, n'kuboola malata a galaja ina, amakaniko n'kubalalika aliyense ndi sipanala yake m'manja.

Mwini galajayo anapereka chidutswa chimodzi chokha, chonga dzira la nkhuku, kuti akatswiri adziwe mtundu wake. Kunja chinali chakuda bii ngati buledi wopserera. Mkati, pamene Namacheka anacheka, munali motuwa ngati phulusa, muli timikanda tozungulira, tizitsulo tonyezimira, ndi timadontho tofiirira tonga shuga wowazidwa ndi dzanja louma. Ankausunga m'botolo lagalasi la pakamwa papakulu, m'chipinda chakumapeto kwenikweni, kumene babu la m'khonde linapsa kalekale.

Lachisanu anasiya nkhope yochekedwayo ili see, yosalala ngati kalilole. Tsopano panali mizere iwiri yadzimbiri yotsika mpaka m'munsi. Atatsegula botololo, kafungo ka dzira lowola kanamuwomba m'mphuno.

"Mayo ine!" anatero amayi osesa, amene anaima pakhomo ndi tsache. Anatsitsa mawu. "Achemwali, ndinanena ine. Chinthu chakumwamba sachitsekera m'botolo ngati achale a mango. Chikulira kwawo chimenecho."

"Mwala ulibe maso, amayi."

"Nanga izo n'chiyani? Thukuta?"

Abwana, mkulu wa labotaleyo, sanatsitse mawu. Anayang'ana mwala, nayang'ana Namacheka pamwamba pa magalasi awo.

"Munauchekera madzi."

"Ayi bwana. Ndinachekera sipiriti, monga munanenera. Ngakhale dontho la madzi silinaukhudze."

"Ndiye dzimbirili lachokera kuti? Mwala wakumwamba uli ndi chitsulo, chitsulo chimadana ndi madzi, zimenezi ngakhale wophunzira wa chaka choyamba amazidziwa. Ndipo aka n'kachiwiri. Kagalasi kaja munakaononganso."

Nkhani ya kagalasi inali chilonda chakale. Pa miyala khumi yogwa kumwamba, isanu ndi itatu kapena kuposa imakhala ya mtundu wamba, ndipo mtunduwo uli ndi mbewu, kapena kuti tinthu ting'onoting'ono topanga mwala, zotchedwa olivini, zimene pa maikulosikopu zimawala mitundumitundu ngati nsalu yamaluwa. Kagalasi ka Namacheka kanangoonetsa zotuwa ndi zoyera basi, ngati m'mawa wa chifunga. Iye anayesa kunena kuti mwina mwalawo si wamba. Abwana anaseka, nati anangokapala mopyola muyeso mpaka mitundu inathawa, ndipo pa fomu yopita ku bungwe lolemba miyala yakumwamba m'kaundula analembapo kale ndi pensulo kuti: wamba.

"Fomu ikupita Lachisanu," anatero. "Chidutswa n'chimodzi, china kulibe. Chikapitirira kuonongeka, kapena mukalephera kundiuza chikuchiononga, tsiku lomwelo musiya makiyi patebulo panga. Tamvana?"

Namacheka anapukuta misoziyo ndi sipiriti, natsekera botolo m'kabati yachitsulo. Makiyi a kabatiyo anali awiri: wina m'thumba mwa abwana, wina anamumangirira pachingwe m'khosi mwake.

Lachiwiri m'mawa loko anali wokhoma bwinobwino. Botolo linali pamalo pake. Koma misozi inabwerera, itatu tsopano, ndipo fungo linali lakula. Ataunika ndi galasi lokulitsa, anaona chachilendo china. Timadontho tofiirira tija, timene iye anatiwerenga tsiku locheka n'kutijambula m'kope, tina tinali titapita. Pamalo pake panatsala timaenje, ngati pamene mbalame yajompha.

Masana nkhani inali itafika paliponse. Ena ankati mwalawo ukudzinyenya wokha, kambewu kamodzikamodzi, kubwerera kumene unachokera. Ena ankati mwini galaja wayamba kudwala mutu wosamva mankhwala. Woyendetsa galimoto ya labotale analumbira kuti anaona nyenyezi itaima pamwamba pa denga ngati ikudikira munthu. Koma amene anamuopsa kwambiri Namacheka anali alonda, bambo wamtali wosakonda zoyankhulayankhula, amene anamukodola pageti.

"Mwana wa achemwali anga," ananong'ona, "ine ndagwira ntchito ino zaka khumi ndi ziwiri. Akuba ndimawadziwa kayendedwe kawo. Ichi si wakuba."

"Mwaona chiyani, amalume?"

"Kuona ndaona pang'ono, koma kumva. Mdima ukangogwirana, magetsi a m'maofesi atazima, kumamveka kuchokera kumapeto uko: khwee, khwee, go. Khwee, khwee, go. Kenako zii. Kenako pawindo la chipinda chanu pamayaka kadiso kamodzi, kakang'ono ngati ka chiphaniphani. Ndiye mawu."

"Mawu a ndani?"

"Apansipansi, ngati munthu akutonthoza khanda."

"Bwanji simunapite kukaona?"

Alonda anamuyang'ana ngati wawafunsa zamisala. "Anandilemba kuti ndizilonda geti, mama. Geti lilipo, si ilo?"

Madzulo amenewo, asanaweruke, Namacheka anatenga ufa woyera umene ankapalira miyala, nauwaza pansi kuyambira pakhomo mpaka pakabati, n'kutuluka chafutambuyo.

Lachitatu iye ndi amayi osesa anaima pakhomopo osalowa. Mu ufa munali mizere iwiri yokhwekhwereza, yoyandikana, ndipo pambali pake, patalipatali, panali kachidindo kozungulira ngati chiboda cha nyama ya mwendo umodzi. Mapaziwo anapita pakabati, anazungulira patebulo, n'kubwerera. Amayi osesa anaika tsache pansi mwaulemu, nati mwana wawo akudwala, ndipo sanaonekenso tsiku limenelo.

Timadontho tina tinayi tinali titasowa.

Kunyumba, Namacheka anakhala pampando wa pafupi ndi makina osokera a mayi ake, tiyi akuzirala m'kapu. Kuyambira ali mwana anali ndi chizolowezi chosandutsa ndagi chilichonse chomuvuta, poganiza kuti chinthu chikakhala ndagi ndiye kuti yankho lake lilipo penapake. Anayankhula yekha, maso ali kudenga.

"Ndili ndi mlendo wanga. Amalira alibe maso, amanunkha sanawole, akutha palibe akumudya."

"Amuna ako amenewo?" anafunsa mayi ake, osatukula mutu. Anali telala, ndipo ankalimbana ndi diresi ya mwini wake wofuna mawa.

"Amayi inunso! Ntchito ikundithera." Anawafotokozera zonse.

"Ikatha udzandithandiza kupinda mipendero, manja osalala uli nawo." Ananyambita nsonga ya ulusi, naulowetsa pasingano kamodzi n'kamodzi. Kenako anamuyang'ana mwana wawo, nkhope itafewa. "Iwe, unawaza ufa, unaona mapazi. Chimene chili ndi mapazi chili ndi msana. Pita ukachione kumsana. Koma uvale juzi, ndilibe nthawi yodwazika munthu."

Lachinayi anthu onse ataweruka, Namacheka sanatuluke. Anazimitsa magetsi, nalowa pansi pa tebulo lalitali la kukhoma, kuseri kwa zidebe za mchenga, atavala juzi ndi magolovesi ake a ntchito. Kuwala kwa pawindo kunafiira, kunatuwa, kunatha. Mdima wa m'chipindamo unali wonunkhira sipiriti ndi fumbi la miyala. Mpopi wa pasinki unkadontha: tho, tho. Firiji ya mankhwala inang'ung'udza n'kukhala chete, ndipo chete ameneyo anali wolemera moti ankamva magazi ake akuyenda m'makutu. Kutali, pageti, wailesi ya alonda inkalira nyimbo yosamveka mawu. Kenako nayonso inazima, ngati mwini wake wamva kanthu.

Kuseri kwa nyumbayo kunali chitseko chakale chimene aliyense ankati chinachita dzimbiri n'kumatirira. Chitsekocho chinalira: kwiii.

Khwee, khwee, go.

Namacheka analuma kolala ya juzi.

Khwee, khwee, go. Phokosolo linadza m'khonde mosafulumira, ngati chinthu chodziwa kuti palibe angachiletse. Linaima pakhomo. Chogwirira chinatembenuka. Mphepo yozizira inakwawa pansi n'kumukhudza akakolo. Chinthu chakuda kuposa mdimawo chinadutsa pafupi ndi nkhope yake, chikupuma mwaphuma, ndipo anamva kulira kwa makiyi ambiri, gobedegobede. Kabati inatseguka ngati yakhala ikudikira. Galasi linagunda patebulo. Kadiso kanayaka.

"Waswera bwanji, mlendo wanga?" anatero mawu onjenjemera. "Akukusunga bwino? Tiye tikuone nkhope."

Namacheka anasuzumira. M'kuwala kwa katochi kakang'ono anaona zala zowonda zikukweza mwala, anaona ndevu zoyera, anaona pakamwa pakutseguka. Lilime linatuluka, n'kudutsa pankhope ya mwalawo kuyambira pansi mpaka pamwamba.

"Aaa! Musatero!"

Chinthucho chinakuwa. Ndodo inagwa. Mwala unapulumuka m'zala, ndipo Namacheka, osadziwa kuti watuluka bwanji pansi pa tebulo, anagwa chamimba manja ali patsogolo. Mlendoyo anatera m'magolovesi mwake, phaa, ngati mwanapiye.

Atayatsa magetsi, anapeza nkhalamba yovala jekete yakale ndi masilipasi itatsamira kabati, dzanja lili pamtima. Nkhope imeneyi ankaiona tsiku lililonse pachithunzi cha mu ofesi ya abwana. Anali aphunzitsi aakulu, amene anayambitsa labotaleyo, amene anaphunzitsa abwana omwewo, ndipo atapuma ntchito ankakhala m'kanyumba ka kuseri kwa mpanda.

"Mwanawe," anatero akupuma movutika, "ukanandipha. Umabisala pansi pa matebulo ngati mphaka bwanji?"

"Agogo, ndinu? Masiku onsewa?"

"Makiyi anga sanandilande, anangoiwala." Anakhala pampando, maso ali pansi. "Chaka chatha ndinagwetsa magalasi a wophunzira wina. Manjawa akalamba. Bwana wakoyo anandiuza mwaulemu kuti ndizipuma kunyumba. Ndinapuma. Koma zaka makumi anayi ndi zisanu ndayenda m'mapiri ndi nyundo, ndikuyang'ana pansi, mtima uli kumwamba, kulakalaka nditagwirako umodzi wokha. Ndiye ubwere wokha, ugone mayadi makumi asanu kuchokera pabedi langa, ine ndizipuma?"

"Kuuona ndamva. Nanga kuunyambita?"

Nkhalambayo inadabwa zenizeni. "Ndaunyambita?"

"Ndakuonani ndi maso angawa!"

Anakhudza milomo yawo, ndipo manyazi anawakwera pang'onopang'ono. "Ndi mmene timachitira kutchire. Mwala wouma suonetsa mbewu zake, fumbi limabisa. Ukaunyowetsa, zonse zimaonekera. Madzi akumwa sungawataye pa mwala uliwonse, ndiye lilime. Aliyense wa nyundo amatero. Sindidziwanso n'komwe kuti ndikuchita."

Namacheka anakumbukira ulusi wa mayi ake. Anafuna kuseka, anafuna kulira, koma anangokhala pansi mwala uli pamiyendo. Ndiye misozi inali imeneyo: malovu pa tizitsulo, usiku wonse m'botolo lotseka.

"Mawa akundichotsa ntchito chifukwa cha lilime lanu, agogo."

"Sakuchotsa. Ndikanena ndekha." Kenako ananyambita milomo ngati wolawa ndiwo. "Komatu mlendo wakoyu ndi wachilendodi. Ndalawa miyala yamchere, yowawa, yomata lilime ngati dothi. Uwu wokha ukumveka machesi. Machesi ndi dzira lowola."

Namacheka anaimirira pang'onopang'ono. Dzimbiri linali ndi yankho tsopano, koma dzimbiri silinunkha dzira, ndipo dzimbiri silikumba maenje. Anathamangira kope lake, nalitsegula pamene anajambula timadontho.

"Agogo, tizitsulo tonse tilipo. Timikanda tilipo. Tasowa ndi tofiirira tokhatokha. Ndi mbewu yanji imene imasungunuka ndi malovu chabe, n'kutulutsa fungo la sulufule?"

Nkhalambayo inawerama pakopelo.

"Ndipo kagalasi kanga," anapitiriza, mawu akuthamanga, "kanatuwa. Abwana akuti ndinapala kwambiri. Sindinapale kwambiri, ndinayeza katatu! Mitundu kulibe chifukwa olivini mulibe. Zotuwazo ndi mbewu ina yotchedwa enisitataiti. Ndinawerenga m'buku lalikulu lija: pali mtundu wosowa, umodzi kapena iwiri pa miyala zana, wopangika kouma kopanda ngakhale mpweya wa madzi. Mtundu umenewo ndi umene umasunga mchere wa sulufule woopa madzi chonchi."

Aphunzitsi anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Kalanga ine. Timbewu takale kuposa phiri lililonse, kuposa nyanja zonse, tayenda mtunda wonsewo osakumana ndi dontho. N'kudzathera pa lilime la nkhalamba yopanda mano." Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo Namacheka anaganiza kuti akulira, koma kunali kuseka. "Mwanawe, sabata yathunthu ndakhala ndikudya umboni!"

Anasekera limodzi mpaka misozi, ndipo pageti alonda, atamva kuti tsopano mizimu yakhala iwiri ndipo ikuseka, anadzitsekera m'kanyumba kawo mpaka kunja kunacha.

Lachisanu, nthawi yoyamba ntchito, kunamveka khwee, khwee, go pakhomo lakumaso. Amayi osesa anakuwa, n'kuona kuti ndi nkhalamba yovala tayi. Abwana anadzambatuka pampando, kalata yochotsa munthu ntchito ili kale patebulo.

"Aphunzitsi! Mwabwera bwanji? Khalani, khalani."

"Sindikhala. Ndabwera kudzaulula mlandu, iwe imirira umve." Anaponya mulu wa makiyi patebulo, nafotokoza zonse, osasiyako ngakhale lilime. Abwana anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Pepani achemwali," anatero potsiriza, akuyang'ana kalata ija. "Nkhani ya madzi yatha. Fomu ipite mmene ilili."

"Isapite, bwana," anatero Namacheka.  "Yalakwika. Mwalawu si wamba. Ikani kagalasi kanga m'makina aakulu, kaja munati ndinaononga. Lilime silinakafike. Mukapeza kuti ndanama, kalatayo musaing'ambe."

"Makina aja sayatsira zongoganizira."

"Yatsa," anatero aphunzitsi. "Unali wamakani chomwechi uli mnyamata, ndipo ndinkakuyatsira."

Makina aakuluwo ankawomba mwala ndi mphamvu ya magetsi, ndipo mbewu iliyonse inkayankha mwa mtundu wake. Anatseka makatani, nazimitsa babu. Anthu atatu anaima mumdima, mapampu a makinawo akulira, ndipo amayi osesa ndi alonda anasuzumira pakhomo atagwirana malaya. Kwa kanthawi panalibe kanthu. Kenako pagalasi loonetsera panabuka kuwala. Zotuwa zija zinayaka buluu, zina zofiira ngati makala a m'bandakucha, timikanda tonse tikunyezimira, ndipo pakatipakati panali timadontho tofiirira tija, tsopano tikuwala mwachikasu, tamoyo, tosakhudzidwa. Zinali ngati munthu watsegula windo pakati pa thambo.

"Mayi wanga ine," ananong'ona amayi osesa. "Kwawo n'kokongola chonchi? N'chifukwa chake chimalira."

Abwana anawerenga manambala otuluka m'makinawo, nawerenganso kachiwiri. M'mbewu zotuwazo chitsulo munalibe, kupatula pang'ono pokha. M'timadontho tachikasu munali sulufule ndi laimu. Anatulutsa fomu, nafufuta mawu a pensulo mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Atafika pamzere wofunsa amene wazindikira mtundu wa mwalawo, anaima, kenako anapereka cholembera kwa Namacheka.

"Lembani dzina lanu lenileni. Lonse. Ndipo kalata ija mukapeze nayo chokolezera mbaula."

Iye analemba, zilembo zikuluzikulu. Aphunzitsi anamenya ndodo pansi katatu, go, go, go, ndipo ulendo uno alonda sanathawe, anaomba m'manja.

Madzulo ake Namacheka anapukuta mwalawo ndi sipiriti komaliza, naika m'botolo timatumba toyamwa chinyezi. Anapempha abwana kuti aphunzitsi azibwera Lachitatu lililonse, masana, kudzera pakhomo lakumaso, manja ali kumbuyo. Kenako anadula kapepala, nalemba mawu amodzi, namata pabotolo.

Alonda anawerama, nawerenga pang'onopang'ono, nakanda mutu.

"'Osanyambita.' Mama, ndani wamisala anganyambite mwala?"

Pakhomo, nkhalamba ija inakhosomola, n'kuyang'ana kudenga.